Makina a laser amadula ndi moto: yambani mwadziwa cimene mukuwocha

Kumudzi kwathu kunali agogo ena amene ankakongoletsa zikho ndi mipini ya makasu. Ankatenga msomali wautali n'kuuika pamoto mpaka ufiire. Akatero ankalemba nawo mizere pa cikho. Utsi unkafuka, fungo la mtengo wopsa n'kudzaza khonde lonse. Ife ana tinkakhala pansi n'kumaonerera, osafuna n'komwe kucokapo.

Masiku ano nchito yomwe ija ikugwiridwa ndi makina. Dzina lake ndi makina a laser. Mwina mwaonapo kathabwa kolembedwa maina a akwati, kapena kokolekapo makiyi kokhala ndi dzina la munthu. Zilembo zake zimakhala zoongoka bwino, zakuda pang'ono m'mbali. Mukanunkhiza mumamva kafungo ka moto. Zambiri mwa zinthu zimenezi zimapangidwa ndi laser. Kale makinawa ankapezeka m'mafakitale okha. Tsopano aliko ang'onoang'ono okwana patebulo, ndipo acinyamata ena akumaitanitsa pa intaneti kucokera ku China kuti ayambe kageni kawo.

Ndi nchito yabwino, ndipo ingadyetse banja. Koma makinawa amafika m'katoni ndi kabuku ka Cingerezi kapena Cichaina, ndipo ambiri amangokaponya pambali. Ndiye tiyeni tikambirane m'cinenero cathu. Ngakhale inu simudzagula makinawa, mwina mwana wanu kapena mnansi wanu adzagula, utsi wake n'kumalowa pawindo lanu.

Laser n'ciyani?

Pochula mawuwa ena amati leza. Musasokoneze ndi Leza wa mu utawaleza, ngakhale kuti zonse ziwiri ndi nkhani ya kuwala. Nyali ya m'nyumba imamwaza kuwala mbali zonse. Laser imasonkhanitsa kuwala konse pa kadontho kamodzi, kakang'ono ngati nsonga ya singano. Amene anaseweretsapo galasi la mandala padzuwa akudziwa cimene cimacitika. Ukaloza kadontho kaja pa tsamba louma, tsamba limayamba kufuka. Laser imacita comweco, koma ndi mphamvu yoposa kutali.

Laser yoyamba inayaka m'caka ca 1960. Anaipanga ndi Theodore Maiman ku California, m'dziko la America, pogwiritsa nchito mwala wofiira wa rubi. Mu 1964 Kumar Patel, wobadwira ku India koma akugwira nchito ku Bell Labs ku America komweko, anapanga laser ya mpweya wa CO2. Mtundu umenewu ndi umene ukudula matabwa m'mashopu ambiri mpaka lero.

Makina a pakhomo alipo mitundu iwiri yodziwika. Woyamba ndi wa diode. Kuwala kwake ndi kwa buluu, ndipo mphamvu yake kawirikawiri imayambira pa mawati 5 kufika 20 kapena 40. Ndi ochipa, ndipo ambiri amabwera opanda cophimba, zitsulo zinayi zokha ndi kamutu koyenda pakati. Waciwiri ndi wa CO2. Awa amakhala ngati bokosi lokhala ndi citseko pamwamba, mphamvu yake kuyambira mawati 40 kupita m'mwamba. Kuwala kwake sikuoneka ndi maso. Palinso a fiber olembera pa zitsulo, koma ndi odula mtengo, ndiye tiwasiye.

Tsopano mvetserani pano, cifukwa nkhani yonse yagona apa. M'makina muja mulibe mpeni, mulibe sowo. Kalipentala akamaceka thabwa, cimene cacoka cimagwa pansi ngati utuci, n'kusesa. Laser ikamadula, cimene cacoka cimapsa n'kusanduka utsi. Utsiwo umapita m'mwamba, pamene pali mphuno yanu. Ndiye ciliconse cimene mwaika pansi pa kadontho kaja, mbali ina mudzaipuma. Funso loyamba si lakuti, kodi makinawa angadule ici? Funso loyamba ndi lakuti, ici cinapangidwa ndi ciyani?

Matabwa, nsalu ndi zina zimene zimamvana ndi laser

Thabwa louma, lopanda penti ndi mankhwala, ndiye bwenzi la laser. Paini, ngati uja wa ku Lichinga, ndi wofewa ndipo amaduka msanga. Koma ali ndi utomoni, ndiye pamfundo amatha kulilima moto. Mlombwa, umene pa Cipwitikizi amati umbila, umalembeka bwino koma kuudula n'kovuta ukakhala wocindikala. Phingo, uja amasema Amakonde, ndi wolimba kwambiri, komanso ndi wakuda kale, ndiye zilembo sizioneka bwino. Nsungwi ndi zikho zouma zimalembeka mokongola. Agogo aja akanakondwera.

Mapepala ndi makatoni amaduka mosavuta, koma amayakanso mosavuta. Nsalu ya thonje nayo imaduka. Capulana yosakaniza ndi poliyesita imasungunuka m'mbali, ndipo fungo lake limasiyana ndi la thonje lenileni. Galasi ndi miyala sizidulika, koma makina a CO2 amalembapo. Makapu a citsulo opakidwa mtundu amalembeka cifukwa laser imangosenga mtundu wa pamwamba.

Ambiri amagwiritsa nchito pulaiwudi ya mamilimita 3 ndi MDF. Izi zimaduka bwino, koma si mtengo wokha ayi. Muli guluu. MDF ndi fumbi la mtengo lomatidwa ndi guluu amene kawirikawiri amakhala ndi mankhwala a formaldehyde. Mu 2004 bungwe la IARC, limene lili pansi pa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, linaika formaldehyde pa gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu. Sindikunena kuti musadule MDF. Ndikunena kuti utsi wake uzituluka panja, osazungulira m'cipinda.

Pali matabwa ena oti musawakhudze. Mitengo yobiriwira pang'ono, ngati ija ya mipanda ndi mapolo, nthawi zambiri inamwetsedwa mankhwala oteteza ku ciswe, ndipo ena mwa mankhwalawa ali ndi poizoni wa arsenic. Mitengo yakuda yonunkha phula ya m'njanji nayonso ayi. Zitseko zakale zopakidwa penti zingakhale ndi mtovu mu pentimo. Ndiye pali mapaleti, matabwa aja amasanjikirapo katundu m'malori. Anthu amawakonda cifukwa ndi ochipa. Yang'anani cidindo m'mbali mwake. Mukaona zilembo HT, ndiye kuti anangowatenthetsa kuti aphe tizilombo. Mukaona MB, anawafukiza mankhwala a methyl bromide, asiyeni. Zilembo ziwiri zokha, koma zikuuzani zambiri.

Pulasitiki imodzi yokha ndi imene amalaser amaikonda ndi mtima wonse. Dzina lake ndi akriliki, pa pepala lomata amalemba PMMA kapena acrílico. Imaduka n'kusiya m'mbali mosalala ngati galasi. Imanunkha ndithu ndipo imayaka, koma ilibe klorini. Dziwani cabe kuti makina a diode sangadule akriliki yoonekera mkati. Kuwala kwa buluu kumangopyola ngati dzuwa pawindo, n'kukawocha tebulo pansi. Yakuda ndiyo amadula.

Mdani wamkulu ndi PVC

Apa ndicedwapo pang'ono, cifukwa ndinaona ndi maso anga. Mayi wina amene ndinkamuphunzitsa kuwerenga ali ndi mwana wamwamuna wocangamuka zedi. Mnyamatayu anasunga ndalama zaka ziwiri n'kugula makina a diode. Ankawaika m'kacipinda komwe amagonamo. Tsiku lina kunabwera munthu wofuna zilembo zoti amate pa shopu. Mnyamata anali ndi lona yakale, nsalu ya pulasitiki ija amasindikizapo zotsatsa malonda. Anati iyi ndi yaulere, ndidulepo. Pasanapite nthawi maso anayamba kuwawa, kukhosi kukanda, cifuwa osaleka. Iye ankati ndi cimfine ca fumbi. Anadula lona masiku atatu.

Mayi ake atandiuza, ndinapita kukaona. Cimene cinandiopsa si cifuwa cokha. Timabawuti ta makina, amene anali asanathe miyezi itatu, tinali titacita dzimbiri ngati tagona pamvula caka conse. Ndinamufunsa kuti, mwanawe, ngati citsulo cadyeka conci, nanga mapapo ako? Anangokhala cete.

Lona yambiri imapangidwa ndi PVC. Klorini tonse timamudziwa. Ali mu javeli wocapira, alinso mu mankhwala othira m'madzi akumwa monga Certeza. Pang'ono m'madzi amatiteteza ku kolera. Koma mu PVC yeniyeni, kuposa theka la kulemera kwake ndi klorini. Ikapsa imatulutsa mpweya woipa wa hydrogen chloride. Mpweya umenewu ukakumana ndi cinyezi umasanduka asidi. Nanga cinyezi cili kuti? Cili m'maso, m'mphuno, kukhosi ndi m'mapapo. Cilinso mumpweya wa m'cipinda, n'cifukwa cake zitsulo ndi mawaya a makina zimadyeka.

Vuto ndi lakuti PVC ili paliponse, ndipo imasintha nkhope. Mapaipi a madzi ndi PVC. Cikopa cabodza cija timati napa, cokutira mipando ndi zikwama, nthawi zambiri ndi PVC. Zomata za pagalimoto ndi pa mawindo a mashopu, zija amati vinil, ndi PVC. Mabolodi oyera opepuka olembapo zikwangwani, siling'i ya pulasitiki, zokutira mawaya a magetsi, majombo a mvula, makhadi a kubanki, zonsezi kawirikawiri ndi PVC. Wina angabwere ndi cikwama ca napa n'kunena kuti, ndilembereni dzina apa, ndilipira bwino. Ndalama ija ndi yokoma, koma kanani.

Nanga tingaidziwe bwanji? Apa kuwerenga kumathandiza. Tembenuzani cinthuco muyang'ane kunsi. Zinthu zambiri za pulasitiki zili ndi kacizindikiro ka makona atatu, mkati muli nambala. Nambala 3 ndi PVC, nthawi zina amalemba cilembo V cokha. Nambala 1 ndi ya mabotolo a madzi ndi zakumwa. Nambala 2 ndi ya zigubu, imangosungunuka n'kumayaka. Nambala 6 ndi ya esferovite, zoyera zopepuka zija amatetezera wailesi m'katoni, ndipo imagwira moto mofulumira kwambiri. Nambala 7 ikutanthauza zina zosiyanasiyana, ndiye sikuuzani ciliconse cothandiza.

Ngati palibe nambala, funsani wogulitsa dzina lenileni la cinthuco. Akati ndi pulasitiki basi, yankho limenelo silikwana. Mashopu akuluakulu amakhala ndi pepala la kufakitale lofotokoza zimene zili mkati, ndipo muli ndi ufulu wopempha kuliona.

Palinso njira ina yakale, imene anaifotokoza katswiri wina dzina lake Friedrich Beilstein m'zaka za m'ma 1800. Tengani waya wa kopa wosenda, mumugwire ndi pulayala. Muwocheni pa moto wa gasi mpaka afiire ndipo moto usiye kusintha mtundu. Mukhudzitseni pang'ono pa pulasitiki kuti kamatirire kacidutswa kakang'ono. Mubwezereni pamoto. Moto ukasanduka wobiriwira, muli klorini. Citani zimenezi panja, mphepo ikucoka kwa inu, ndipo kacidutswa kakhale kocepa ngati njere ya mapira. Kumbukiraninso kuti njirayi imangoulula klorini ndi abale ake. Moto ukapanda kubiriwira sizikutanthauza kuti cinthuco ndi cabwino.

Ena oipa

Polycarbonate ndi wacinyengo, cifukwa amafanana kwambiri ndi akriliki. Amalembedwa PC, ndipo amapangira malata oonekera ndi magalasi a zipewa za njinga zamoto. Pansi pa laser amasanduka wacikasu, amafuka utsi wakuda, ndipo saduka bwino. ABS, pulasitiki yolimba ya mawailesi ndi zidole, imasungunuka ngati phula, ndipo mu utsi wake mumatha kukhala mpweya wa cyanide. Fayibagalasi, imene amapangira maboti ena a panyanja, ndi galasi losakaniza ndi guluu wamphamvu, utsi wake ndi woipa. Teflon ya m'mapoto osamata nayonso ikatentha kwambiri imatulutsa poizoni.

Cikopa ndiye cimasokoneza anthu. Cikopa cofufutidwa ndi makungwa a mitengo cilibe vuto lalikulu. Cimakhala cofiirira, colimba pang'ono, ndipo cimalembeka bwino, kungoti cimanunkha ngati mbuzi yowaula. Koma zikopa zambiri za nsapato, zikwama ndi majekete zimafufutidwa ndi mankhwala a chromium. Mukadula ndi mpeni n'kuyang'ana m'mbali, nthawi zambiri mkati mumaoneka motuwa mopita ku buluu. Cikapsa, mankhwala aja amatha kusintha n'kukhala mtundu woyambitsa khansa. Ndiye lamba wa pamsika amene simukudziwa kumene wacokera, musamuike pa makina.

Diso silimeranso

Pa makina aliwonse pamakhala kapepala kacikasu ka makona atatu, mkati muli cithunzi ngati dzuwa lokhala ndi mcira. Pafupi pamalembedwa PERIGO kapena DANGER, kutanthauza ngozi. Pamalembedwanso gulu la laser, kuyambira 1 mpaka 4. Gulu 1 ndi lotsekeredwa bwino moti kuwala sikungatuluke. Gulu 4 ndi loopsa kuposa onse, ndipo limayambira pa theka la wati imodzi. Taganizani, theka la wati. Makina a diode ochipa aja ali ndi mawati 5, 10 kapena 20. Onse opanda cophimba ali m'gulu 4.

Mkati mwa diso muli kagalasi kathu kacibadwa. Nchito yake ndi kusonkhanitsa kuwala kumbuyo kwa diso, pamene pali minyewa yoonera. Kuwala kwa buluu kukalowa, kagalasi kaja kamakusonkhanitsa n'kuwocha minyewa ija. Kuphethira kumatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi, koma laser imakhala itawocha kale. Kumbuyo kwa diso kulibe minyewa yomva ululu, ndiye munthu samva kuwawa. Amangozindikira pambuyo pake kuti pakati pa zimene akuona pali kadontho kakuda. Akatsegula buku, cilembo cimene akufuna kuwerenga ndi cimene cikusowa. Malo opsawo nthawi zambiri sacira. Inu amene mwavutikira kudziwa zilembo muli akuluakulu, mukumvetsa cimene cingatayike apa.

Sikuti mpaka muyang'ane mu kamutu ka makina ayi. Kuwala kumanjanja pa cinthu conyezimira monga supuni, mpeni, galasi loonera kapena lata latsopano, n'kubwerera kumene simukuyembekezera. Laser ya CO2 imawocha kunja kwa diso ndi khungu, ndipo popeza sioneka, munthu sadziwa kuti ili pati.

Magalasi otetezera alipo, koma si aliwonse. Magalasi a dzuwa sathandiza, ngakhale akhale akuda bwanji. A owocherera zitsulo sanapangidwire laser. Magalasi enieni amalembedwa manambala awiri pa galasi kapena pa mwendo wake. Nambala yoyamba imathera ndi zilembo nm, ndipo imanena mtundu wa kuwala kumene amachinga. Laser ya buluu ili pafupi ndi 450 nm. Ya CO2 ndi 10600 nm. Ya fiber ndi 1064 nm. Onani bwino, 10600 ndi 1064 zikufanana pamaso koma ndi zosiyana. Nambala yaciwiri imayamba ndi zilembo OD, ndipo imanena kukula kwa citetezo. Ikakwera ndi 1, citetezo cawonjezeka kakhumi. Ambiri odziwa nchitoyi amasankha OD 5 kapena kuposa. Magalasi opanda nambala iliyonse, ngakhale abwere m'katoni ya makina, ine sindiwakhulupirira.

Komabe magalasi amateteza munthu mmodzi yekha. Kumbukirani ife ana aja tinkaonerera agogo. Ana a lero nawonso adzaunjikana pakhomo kuti aone kuwala kwa buluu, ndipo maso awo ali pa msinkhu weniweni wa tebulo. N'cifukwa cake cophimba ciposa magalasi. Makina opanda cophimba amafunika kuwapangira bokosi lotsekeka mbali zonse, lokhala ndi kawindo ka pulasitiki yopangidwira laser ya mtundu umenewo. Makina a CO2 abwino amazima okha mukatsegula citseko. Ena amamanga kaswichi kameneko ndi tepi kuti nchito ifulumire. Musayerekeze. Ngati mukuganiza kuti kuwala kwakulowani m'diso, pitani kucipatala tsiku lomwelo, mukanene kuti ndi laser ndi mtundu wake. Musathiremo mankhwala a zitsamba kapena mkaka.

Utsi utuluke, koma upite kuti?

Ngakhale thabwa labwino limatulutsa utsi wokhala ndi tifumbi tating'ono tolowa mpaka pansi pa mapapo. Amayi ophika ndi nkhuni m'khichini yotseka akudziwa mmene cifuwa cimakhalira. Kutsegula windo kokha sikukwana. Pamafunika fani yokoka utsi kucoka m'bokosi, ndi paipi yaikulu youtulutsa panja. Paipi ikhale yaifupi, yosapindapinda. Mukayatsa fani, ikani kapepala pafupi ndi mpata wa bokosi. Kakakokedwa kulowa mkati, ndiye kuti zili bwino.

Yang'ananinso kumene paipi yaloza. Isaloze pa windo la mnansi, pamene amayi amayanika ufa, kapena pamene ana amasewera. Cipinda cogona si malo a makinawa, ngakhale nyumba icepe bwanji. Nsalu yophimba pakamwa, ngati zija tinkavala nthawi ya Covid-19, siichinga mpweya wa poizoni. Mukamaliza kudula, dikirani kamphindi fani ikuyendabe musanatsegule citseko. Ndipo mutu ukayamba kuwawa, maso kulira misozi kapena kukhosi kukanda, zimitsani makina mutuluke panja. Kupuma kukamavuta, kucipatala.

Moto ndi magetsi

Nchito imodzi ingatenge mphindi 40, ndipo kuyang'ana kamutu kakuyenda uku ndi uku kumatopetsa. Foni imalira, munthu n'kutuluka. Moto wambiri wa makinawa umayamba nthawi ngati imeneyo. Lamba wa makina angaduke kapena kompyuta kuima, kamutu n'kukhazikika malo amodzi laser ikuyakabe. Katoni kapena akriliki zimayaka m'masekondi ocepa. Makina akamayenda, munthu akhale pomwepo, maso pa nchito. Mukafuna kupita kuseri, imitsani kaye.

Kamoto kakang'ono koyenda ndi kadontho sikodabwitsa. Koma kakatsalira kumbuyo n'kumakula, zimitsani makina ku swichi ya pakhoma, kenako phimbani motowo ndi nsalu yonyowa yocindikala. Musathire ndowa ya madzi pa makina olumikizidwa ku magetsi. Cozimitsira moto ca CO2 ndico cabwino cifukwa sicisiya ufa woononga makina. Cikhale pafupi ndi khomo, osati kuseri kwa makina kumene moto ungakuchingeni. Kapampu kouzira mpweya pa kadontho kamathandiza kwambiri. Kamazimitsa timalawi ndipo m'mbali mumatuluka moyera. Tizidutswa togwera pansi pa makina tisesedwe tsiku ndi tsiku, cifukwa ndi nkhuni zouma kale. Petulo, tina wa penti ndi botolo la gasi zikhale cipinda cina. Pansi pa denga la udzu, makinawa asalowemo.

Magetsi a m'nyumba zathu ndi mavolti 220, ndipo amenewo ndi okwana kupha munthu. Koma mkati mwa makina a CO2 muli kabokosi kamene kamawakweza kupitirira mavolti 15,000. Mphamvu ina imatsalira ngakhale mwazula pulagi. Kumeneko ndi kwa amisiri odziwa, osati kwa aliyense wokhala ndi sikurudiraiva. Waya wa pansi, uja amati terra, alumikizidwe bwino. Magetsi akazima nchito ili mkati, zimitsani swichi nthawi yomweyo, kuti akabwera usiku makina asadzuke okha.

Makina a CO2 ali ndi cubu cagalasi cimene cimaziziritsidwa ndi madzi oyenda. Madziwo amafunika kukhala pafupi ndi madigiri 20, osapitirira kwambiri 25. Ku Lichinga kapena ku Ulongwe, kumene kumazizira, zimenezi sizivuta kwenikweni. Koma mumzinda wa Tete, mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Madzi a m'ndowa amafunda msanga, cubu n'kufooka kapena kusweka. Kumeneko ndi bwino kugwira nchito m'mamawa, kuika mabotolo a madzi oundana m'ndowa, ndi kukhala ndi coyezera kutentha. Cinanso, kagalasi kacikasu ka m'kamutu ka makina a CO2 kamapangidwa ndi zinc selenide, amene ndi poizoni. Kakasweka musakagwire ndi manja, ndipo ana asakatole kuti asewerere.

Kabuku ndi katoni

Mnyamata uja cifuwa cinatha patapita milungu ingapo, atapita kucipatala. Makina anawakonza, ngakhale anataya ndalama zogulira zitsulo zina. Anawasamutsira m'kakhumbi ka njerwa kuseri kwa nyumba, n'kuwapangira bokosi ndi paipi. Tinagwirizana kuti agule kabuku ka masamba 48. Asanayambe nchito yatsopano amayesa kaye pa kacidutswa, ndipo amalemba dzina la cinthu, kucindikala kwake, mphamvu, liwiro, ndi mmene utsi unalili. Akabwera wina ndi nchito yofanana, amangotsegula tsamba.

Mayi ake ndi amene amayang'anira katoni ili pakona. Zinthu zonse zimene anthu abweretsa zimayamba zadutsa m'manja mwawo. Amatembenuza, n'kufunafuna kacizindikiro ka makona atatu, n'kuwerenga nambala mokweza. Zimene zilibe nambala kapena dzina amaziponya m'katoni muja, ndipo pa katonipo analembapo okha ndi makala kuti SIZIDZIWIKA. Za m'menemo zimadulidwa ndi sizasi kapena sowo. Lona yotsala ija anafolera khola la nkhuku.